A Makwinja ndi Buku Lopanda Tsamba Lomaliza

A Makwinja tinawaika Lachinayi lapitali, kukugwa mawawa a ku Mzuzu aja amene sanyowetsa fumbi koma amakulowa m'mafupa. Uthenga anandiimbira ndi Tiwonge, mwana wa a Gondwe, amene tsopano naye ali ndi ana ake akuluakulu. Sanatchule dzina. Anangoti, "Amama, agogo a mabuku atisiya," ine n'kuyamba kufunafuna chitenje cha kumaliro foni ili kukhutu.

Kumanda mkulu wa mpingo anawerenga mbiri yawo papepala. Anabadwira ku Chiradzulu, anabwera ku Mzuzu ali mnyamata, anali telala, anali wokhulupirika pa mpingo, asiya adzukulu angapo. Basi, pepala n'kupinda. Ndinakwiya, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Za mabuku sanatchule n'kamodzi komwe, chonsecho theka la anthu amene tinaima pamenepo titafunda maambulera tinawadziwa a Makwinja kudzera m'bokosi lawo la mabuku. Sanatchulenso chimene chinawadya mtima zaka zinayi zathunthu, choti iwo, ndi dzanja lawo, anabwereketsa mnzawo buku limene linakamuwonjezera mlandu m'ndende. Zotere sizinenedwa kumanda, ndikudziwa. Masiku amene zinkachitika sizinkanenedwa ngakhale kubafa. N'chifukwa chake ndati ndizilembe.

Ndinafika ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Ntcheu ndili mtsikana, boma litanditumiza kudzataipa makalata. Anali masiku a chipani chimodzi, oti kumsika sulowa wopanda khadi la chipani. Ndinapeza kachipinda ku Masasa. Chitumbuka sindinkachimva kupatula "yewo", zikomo wa kumeneko, ndipo ndinkayankha "yewo" pa chilichonse, ngakhale munthu akundifunsa njira. Sabata yoyamba mayi wina kuofesi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti diresi langa likuonetsa mawondo, ndipo masiku amenewo mawondo a mkazi anali mlandu. Anandilozera telala wa pakhonde la sitolo ina, pafupi ndi pamene msewu umatsetserekera kudambo.

Ndinapeza bambo wamfupi, wadazi, magalasi atawamangirira ndi ulusi wakuda, tepi yoyezera ili m'khosi. Pambali pa makina panali benchi, pansi pa benchi bokosi lachitsulo lobiriwira. Anatembenuza diresilo, n'kufunsa mfunda wanga asanafunse dzina.

"Mpendero ulipo wokwanira, titsitsa," anatero. "Koma inu a Nangozo, madzulo mukaweruka mumatani?"

"Ndimaphika, n'kugona."

"Ndiye kulira mumalira nthawi yanji?"

Ndinachita manyazi, chifukwa maso anga anali otupadi. Iwo sanadikire yankho. Anakoka bokosi lija ndi phazi, n'kutsegula, ndipo ndinaona mabuku odzaza mpaka pakamwa, lililonse litavala nsalu. Anasankha atatu, osachedwa, ngati mmene mayi amasankhira tomato. Loyamba linali nkhani yopeka ya atsikana awiri apachibale olimbirana sitolo ya bambo awo. Lachiwiri linali la mbalame za kumpotoko, la zithunzi, ndipo anati popeza anthu a kuno sindikuwadziwa, ndiyambe ndadziwa mayina a mbalame zawo. Lachitatu linali kabuku ka ana, ka mwana amene anataya nsapato imodzi.

"Bambo, ine mwana ndilibe," ndinatero.

"Ku Masasa kuno ana asowa? Khomo lachitatu kuchokera kwanu, kwa a Gondwe, kuli kamtsikana kovuta. Mukagogode."

Ndinakagogodadi, Lamlungu masana. Anatsegula ndi NyaJere, mkazi wa a Gondwe, ndipo kumbuyo kwa chitenje chawo kunasuzumira Tiwonge wa zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku limenelo ndinadya kondowole koyamba, ndipo ndinaphunzira kuti munthu akati "muli uli" suyankha kuti "yewo".

Limeneli ndilo linali lamulo la a Makwinja, ndipo sanaliphwanyirepo munthu, kaya ndi m'busa kaya wapolisi. Buku limodzi sankabwereketsa. Ankapereka atatu: labodza, loona, ndi la mwana. Nkhani zopeka ankazitcha mabuku abodza, koma ankatero mwaulemu, monga mmene ena amatchulira udindo wa munthu. Ankati labodza limafewetsa mtima, loona limawongola mutu, ndipo la mwana limakutulutsa m'nyumba, chifukwa sungaliwerenge wekha, uyenera kukapeza mwana woti umuwerengere mokweza. Ukabweza, ankakufunsa dzina la mwanayo ndi pamene anaseka. Ukanama ankadziwa.

Kusankha kwawo kunali kwachilendo. Bambo wina amene anaferedwa mkazi sanamupatse buku lotonthoza. Anamupatsa chibuku chonenepa cha amalinyero osochera panyanja yamchere, ati kuti akhale ndi anthu ena owadera nkhawa, ndi lina la kaulimi ka njuchi, kuti manja apeze chochita. Namwino wina wotopa ndi mabala anamupatsa la nyenyezi. Ongokwatirana kumene ankawapatsa nkhani yaitali imodzi n'kuwalamula kuti aziwerengerana mosinthana, ati akakangana za anthu a m'buku sakhala ndi nthawi yokangana za mchere. Mlaliki wina wa ku Luwinga, amene paguwa ankadzudzula nkhani zachabe, ankabwera Lolemba lililonse kudzatenga nkhani za apolisi ofufuza akupha, ndipo a Makwinja ankamusokera zikuto zakuda kuti anthu aziyesa ndi zauzimu.

Mabukuwo sanagule ngakhale limodzi. Ena anasiya ndi aphunzitsi achizungu pobwerera kwawo, ena anawatola kunyumba za anthu osamutsidwa. Ambiri anawalanditsa kumsika, m'manja mwa amayi okulungira usipa ndi mandasi. Akaona mayi akung'amba tsamba ankaima n'kuyamba kuchonderera, mpaka kulonjeza kusoka chigamba chaulere. Motero mabuku ambiri ankafika opanda chikuto, opanda dzina, ndipo iwo ankawasokera zikuto ndi zidutswa zotsala pa zovala za anthu. Dzina la buku linkakhala la nsaluyo. Sunkamva munthu akutchula mutu wa buku ku Masasa. Unkamva kuti, "Mwawerenga la siketi ya NyaMhango? Limaposa la malaya a mlonda." Msoko wawo unali wodziwika, waung'ono ndi wopendekera kumanzere, moti ngakhale mwana ankatha kuuzindikira.

Vuto la mabuku olanditsa kumsika n'lakuti amayi aja ankayamba kung'amba kumapeto. Mabuku ambiri analibe tsamba lomaliza. A Makwinja sankakuchenjeza. Unkawerenga mpaka pamene pakoma, n'kupeza ulusi wokhawokha. Ukathamangira kukhonde kukadandaula, ankati ubweze kaye onse atatu, ukhale pabenchi, ndipo ankakuuza mathero akupalasa makina, osakuyang'ana n'komwe. Tinkakhulupirira kuti anawawerenga akadali athunthu. Zinaululika tsiku limene ine ndi namwino uja tinakambirana za atsikana a sitolo aja. Kwa ine anati anagwirizana n'kugawana sitoloyo. Kwa namwino anati inapsa ndi moto. Tinapita tonse awiri kukawapanikiza, ndipo iwo, osachita manyazi ngakhale pang'ono, anati telala amasoka poyeza thupi la munthu, ndipo ine panthawiyo sindikanatha kusenza moto.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaseka nazo zimenezi, a Gondwe. Anali kalaliki wamkulu kuofesi kwathu, wa ku Rumphi, wamtali, wovala tayi ngakhale Loweruka. Loweruka lililonse masana ankabwera kukhonde, n'kupukuta kumapeto kwa benchi ndi mpango, n'kukhala, mkangano n'kuyamba. A Gondwe ankati nkhani zopeka n'zotayitsa nthawi, munthu wamkulu aziwerenga zinthu zimene zinachitikadi. A Makwinja ankati mabuku oona ndiwo amanama kwambiri, kungoti amanama atavala tayi. Ankakangana mpaka dzuwa kupendeka, wina m'Chichewa cha ku Chiradzulu, wina akudumphira m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi mkwiyo ukakwera. Anthu ankabweretsa mabatani oti akanatha kusoka okha, n'cholinga choti adzamvere. Pomaliza a Gondwe ankanyamula mabuku atatu m'khwapa akung'ung'udza kuti awiriwo ndi katundu chabe.

"Mister Makwinja, ine ndine mwana? Mukundipa vya mbuzi ine?" anatero Loweruka lina, atagwira kabuku kopyapyala ndi zala ziwiri.

"Si zanu, n'za Tiwonge. Inu ndinu pakamwa chabe."

Kabukuko kanali ka mbuzi yaikazi imene inakwezedwa pa lole molakwitsa, n'kudumpha kutali ndi kwawo, itasiya kamwana kake m'khola. Tsamba lililonse inkafunsa njira, kwa ng'ombe, kwa wanjinga, kwa amayi otunga madzi, ndipo aliyense ankailozera kwina. Tsamba lomaliza panalibe. Tiwonge anakakonda moti bambo ake ankakawerenga tsiku ndi tsiku asanadye, mpaka anakaloweza osafuna. Akafika pong'ambika mwana ankafunsa ngati mbuziyo inafika, ndipo a Gondwe, munthu wa zoona, ankayankha kuti tsamba palibe, choncho sitikudziwa. Ankamuuza kuti akadzabweza, agogo a mabuku adzamuuza bodza lawo.

Buku loona la ulendo umenewo linali la mbiri, lofotokoza mmene anthu a dziko lina lakutali anachotsera mfumu yawo pampando. A Makwinja analisankha dala kuti apeze chokangana Loweruka lotsatira. Ngati linali loletsedwa, palibe amene ankadziwa, chifukwa mndandanda wa mabuku oletsedwa tinkangoumva, sitinauonepo. Chikuto chake chinali cha maluwa achikasu, chotsala pa diresi langa la Khirisimasi.

A Gondwe anawatenga Lachiwiri m'mawa, ine ndikuona. Analowa amuna awiri ovala majekete, n'kuima pa desiki ya a Gondwe, n'kulankhula motsitsa mawu. A Gondwe anaimirira, anatenga chipewa pamsomali, cholembera n'kuchisiya chosatseka. Ofesi yonse tinaweramira pa ntchito, ndipo ine ndinapitiriza kutaipa, ngakhale zimene ndinataipa mphindi zimenezo sizinali mawu. Masana anapita nawo kunyumba, anagudubuza matiresi ndi masutikesi, ndipo anthu a ku Masasa, akusuzumira m'mipanda, anaona mmodzi wa amunawo akutuluka ndi buku la maluwa achikasu.

Apa ndiye pamene ndiyenera kunena zimene sindinanenepo. Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, a Makwinja anandiitanira kunyumba kwawo. Bokosi anali atalichotsa kukhonde. Tinatseka chitseko dzuwa likuswa mtengo, iwo lezala, ine lezala, n'kuyamba kudula ulusi. Tinavula mabuku onse zikuto, limodzi limodzi. Siketi ya NyaMhango, malaya a mlonda, zakuda za mlaliki, zonse tinaziponya pambaula. Iwo, amene sindinawaonepo akulakwitsa msoko, anadzicheka chala. Diresi langa la Khirisimasi ndinabwera nalo m'thumba ndipo linapsa pamodzi ndi zinazo. Titatha anatseka bokosi la mabuku amalisechewo ndi loko, n'kulikankhira pansi pa bedi. Sitinapemphere, sitinayang'anane.

Kwa a Gondwe sitinapondeko. Palibe anapondako. Nyumba ya munthu wotengedwa inkakhala ngati ili ndi nthomba. Ine amene ndinadya kondowole wa NyaJere ndinayamba kuzungulira njira ya kudambo kuti ndisadutse pakhomo pawo, ndipo tsiku lina Tiwonge atandikuwira kuti "anti", ndinachita ngati ndikufuna kanthu m'chikwama. A Makwinja ankasoka atazyolika. Akamva galimoto ikuima, phazi linkaima pa makina. Munthu akafunsa za mabuku ankayankha kuti anadyedwa ndi chiswe. Mwambi woti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, tonse tinkaudziwa, koma tinkaumva ngati chenjezo loti tithawe.

Patapita miyezi isanu, NyaJere anabwera okha kukhonde, masana, msika uli wodzaza. Anali ataonda, ndipo anali atayamba kugulitsa masamba kuti adye. Ine ndinali pabenchi kudikira siketi. Anthu awiri amene anali pamenepo anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kopita.

"Monire adada," anatero, n'kugwada pang'ono monga mwa masiku onse. Anamasula kansalu n'kuika buku limodzi pa makina, labodza la mwa atatu omaliza aja, likadali m'chikuto chake. "Ndabweza ili. Linalo anatenga, mukudziwa. La mbuzi mwana wakana, akugona nalo. Mundikhululukire chomene."

A Makwinja sanathe kudzutsa mutu.

"Koma wandituma," anapitiriza NyaJere. "Adada ake ankati mathero muli nawo ndinu. Akufunsa tsiku lililonse, ine ndatopa. Akuti, kodi mbuzi ija inafika?"

Ndinawayang'ana a Makwinja. Munthu amene ankatulutsa mathero ngati ulusi pa bobini anavula magalasi, n'kuwavalanso. Kenaka anati, ndi mawu amene sindinawadziwe, "Mayi, sindikudziwa." NyaJere anagwedeza mutu, anati yewo, n'kumapita. A Makwinja anaika dzanja pa buku lija, pa msoko wawo wopendekera kumanzere. Kenaka anandiuza osandiyang'ana kuti mayi uyu wayenda pakati pa msika ndi chinthu chimene ife tinachiwotcha titatseka chitseko.

Loweruka lotsatira, nthawi imene a Gondwe ankabwera kudzakangana, a Makwinja anaphimba makina ndi nsalu, ananyamula kampando kawo pamutu, n'kutsika msewu wonse wa Masasa anthu akuona. Anakakhala pakhomo pa a Gondwe, panja, poonekera, n'kuitana Tiwonge kuti abwere ndi buku. Anawerenga mokweza, mawu a ng'ombe mokhuthala, a wanjinga mopuma wefuwefu. Atafika pong'ambika anatseka n'kunena kuti tsamba ili ali nalo ndi adada ako, tiwadikire.

Anachita zimenezi Loweruka lililonse kwa zaka zitatu ndi theka. Mvula ikagwa ankakhala pakhonde la nyumbayo, koma m'nyumba sankalowa, ati asapatse anthu nkhani ina yonena za NyaJere. Bokosi analitulutsanso, n'kuyamba kusokera mabuku zikuto zatsopano, ndipo Tiwonge ankalandira atatu ake ngati munthu wamkulu, koma la mbuzi linkawerengedwa poyamba nthawi zonse. Makasitomala anathawa. Sukulu ina imene inkawapatsa mayunifolomu inapeza telala wina. Kawiri konse anaitanidwa kupolisi kukafunsidwa, ndipo ulendo wachiwiri anabwerako akutsimphina. Loweruka lake anapitanso, kampando atakapachika paphewa chifukwa khosi linkawawa. Ine ndinayamba kuwatsatira patapita miyezi iwiri. Ndikanakonda kulemba kuti ndinapita tsiku loyamba lomwe, koma kungakhale kunama.

Zaka zimenezo sanauzenso munthu mathero a buku lililonse. Ukabweza lopanda tsamba lomaliza ankangoti pepani, n'lotero. Tsiku lina ndinawafunsa ngati akuganiza kuti a Gondwe ali moyo. Anayankha kuti zimenezo sadziwa, chimene akudziwa n'chakuti anasankhira mnzawo buku pofuna kupambana mkangano, ndipo ngati munthuyo adzabwere n'kuwalavulira kumaso, adzapukuta n'kuthokoza. Ankaopa kubwera kwawo pafupifupi mofanana ndi mmene ankaopera imfa yawo.

A Gondwe anatsika basi Lachinayi lina, popanda chidziwitso, monga mmene anatengedwera. Masasa yonse inamva dzuwa lisanalowe, ndipo anthu omwe aja ozungulira kudambo anayamba kupita ndi nkhuku. A Makwinja sanapite. Lachisanu sanapite. Loweruka anandituma mawu kuti ndibwere kukhonde, ndipo ndinawapeza atavala jekete la kutchalitchi, makina ali ophimba, kampando kali pamalo pake. Anati miyendo yakana.

Tinawaona akukwera msewu pang'onopang'ono, Tiwonge ali pambali, wamtali tsopano, wa zaka khumi ndi chimodzi. Jekete la a Gondwe linkalendewera ngati lobwereka. Tsitsi linali loyera, mano akutsogolo panalibe, koma tayi anavala. Atafika anatulutsa mpango, anapukuta kumapeto kwa benchi, n'kukhala. A Makwinja anatsika pampando n'kugwada pasimenti, bambo wamkulu wadazi, pamaso pa msika wonse.

"Yayi, adada, yayi. Dzukani," anatero a Gondwe. "Ine ndabwera kudzabweza buku. Lachedwa pachoko."

Tiwonge anaika kabuku ka mbuzi pa makina. Chikuto chinali chitada ndi manja, m'makona mutatha.

"A Gondwe," anatero a Makwinja akadali pansi, "ndiuzeni zoona. Buku lija linakupwetekani?"

"Enya, linandipweteka. Ananditengera pakamwa pa munthu wina wa kuofesi, osati buku. Koma atalipeza anakondwa chomene. Masiku awiri ankandifunsa kuti wasoka chikuto ndani. Ndinati amama ŵane, amene anamwalira kale. Mano awa anatsala kumeneko." Kenaka anawonjezera kuti, "Koma muzimva bwino, Mister Makwinja. Kumene ndinali kunalibe buku, kunalibe pepala. Tinalimo anthu ambiri m'chipinda chimodzi, aphunzitsi, makalaliki, ena odziwa zinthu kuposa ine. Za mafumu akutali zija palibe anazifuna. Chimene ndinali nacho m'mutu chathunthu ndi mbuzi yanu. Ndinainena m'Chichewa, ndinainena m'Chitumbuka, mpaka amuna a ndevu ankalira ngati ng'ombe pa tsamba la ng'ombe. Tikafika pong'ambika ankandigwira malaya kuti, Gondwe, inafika? Poyamba ndinkati sitikudziwa. Tsiku lina mnyamata wina wodwala chomene anandifunsa, ndipo ndinaona kuti yankho limenelo limupha."

"Ndiye munati chiyani?" anafunsa a Makwinja.

Tiwonge anali ataima chilili, manja kumbuyo, ngati pamzere wa kusukulu. Anati, "Agogo anati tsamba muli nalo ndimwe, adada."

A Gondwe anakonza tayi. Anati mbuzi ija inayenda nyengo zinayi za mvula. Inafika yowonda, nyanga imodzi itathyoka, ikuopa kuti kamwana kake kanafa kapena kanaiwala fungo lake. Inapeza kamwanako katakula, konenepa. Pakhomo pa khola panali tonde wina wokalamba, wadazi, wa khola lina, amene ankabwera masiku onse kudzakhala pamenepo kuti afisi aziona kuti pali mwini.

A Makwinja anadzuka pogwira mwendo wa makina, anakhala pampando, anavula magalasi, misozi ikutsikira m'makwinya mpaka pa tepi ya m'khosi. Ine ndinalira poyera, osabisa. Kenaka a Makwinja anati, "Bodza lanu n'losapsa, a Gondwe. Mbuzi yadazi munaiona kuti?"

"Ndikuiona pano," anayankha a Gondwe, ndipo mkangano wa Loweruka unayambiranso pamene unalekera.

Unapitirira zaka zambiri, chipani chimodzi chija mpaka kutha, tonse mpaka kukalamba. A Makwinja anayambiranso kupereka mathero, ndipo a Gondwe, amene ntchito ya boma sanaibwererenso, anasanduka wowerenga mabuku abodza woposa tonse, ngakhale pakamwa ankakanabe. Maso a a Makwinja atachita khungu anasiya kusoka, koma kukhonde ankabwerabe, mdzukulu atawagwira dzanja, ndipo mabuku ankawazindikira popapasa nsalu. Achinyamata ankabwera ndi mafoni kudzawaseka kuti zonse zili m'menemu tsopano. Iwo ankafunsa ngati foniyo imadziwa amene waferedwa ndi amene wangotopa.

Dzulo, Loweruka, ndisanakwere basi yobwerera ku Ntcheu, ndinapita kukaona khonde lija. Sitolo inasintha eni kangapo, pano akugulitsamo mayunitsi ndi zakumwa. Makina anawatenga adzukulu. Pasimenti patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya pansi zaka zonsezo, ndipo mawawa anali atadzazamo madzi. Msomali wopachikapo tepi ukadalipo pakhoma. Benchi ikadalipo, ndipo kumapeto kwake ndinapeza a Gondwe, atavala tayi, ndodo ili pakati pa miyendo, mabuku atatu ovala nsalu ali pamwendo.

"Monire a Nangozo," anatero. "Awa anandisankhira mwezi watha. Loona ndamaliza, la mwana ndawerengera kamdzukulu, kanaseka pa tsamba la bakha." Ananyamula lachitatu n'kulitsegula kumapeto, pamene panali ulusi wokhawokha. "Ili lilibe tsamba lomaliza. Ndimati ndibweza lero andiuze."

Ndinakhala nawo pabenchipo. Sitinakangane, chifukwa ine kukangana sinditha. Pansi pa benchi, pamene pankakhala bokosi, simenti ndi yoyera kuposa pena ponse, ndipo palibe amene waikapo kanthu.